Kabenzi kaja ankakaseka kuti ndi "Baby Benz"

Ine galimoto zamakonozi zodzadza ndi masikirini sizindigwira mtima kwenikweni, yomwe ndimaiganizirabe ndi Mercedes-Benz 190E, ija amakaniko amaitchula kuti W201. Ndinakwerapo kamodzi kokha, ya mkulu wina yemwe ankaisamala ngati dzira, ndipo chomwe ndimakumbukira si liwiro ayi, ndi chitseko. Ukachitseka chimangoti dii, molemera, osati zija zolira ngati chitini.

Inatuluka mu December 1982. Nthawi imeneyo Benz inkadziwika ndi zigalimoto zikuluzikulu za mabwana basi, koma mafuta anali atavuta padziko lonse kuyambira 1973, ku America anakhwimitsa malamulo a kamwedwe ka mafuta, komanso BMW inali ikukolola makasitomala achinyamata ndi 3 Series yake yomwe inayamba mu 1975, ndiye Benz inalibe kuchitira mwina koma kupanga kagalimoto kakang'ono. Kotalika mamita 4.4 basi. Anthu anakapatsa dzina loti Baby Benz, ena mpaka kumaona ngati kampani yatsitsa dzina lake.

Koma apa ndi pomwe ine ndimawavulira chipewa, anachepetsa thupi koma ntchito sanaibe. Bodi anajambula ndi Bruno Sacco, mzibambo wobadwira ku Italy, ndipo mpaka pano ukaiona siioneka yachikale monyansa. Kumbuyo tayala lililonse analigwiriza ndi timikono tisanu, chinthu chachilendo nthawi imeneyo, n'chifukwa chake pakona imakhala ngati yamatidwa pamsewu, ndipo kapangidwe kameneka anadzakapititsanso ku ma Benz akuluakulu omwe anabwera pambuyo. Tangoganizani, wamng'ono kuphunzitsa akulu ake. Magetsi akumbuyo ali ndi timizere tokumbika dala kuti matope akamatira kuwala kuzionekabe. Nanga waipa? Imodzi yokha, ikupukuta galasi lonse yokhayokha, tsiku lomwe ndinakwera kunagwa kamvula ndiye ine maso pa waipa m'malo moona msewu kkkk.

Chilembo E chija chikuimira liwu la Chijeremani loti Einspritzung, kutanthauza kuti petulo amachita kupopera mu injini osadzera mu kabuleta. Panalinso 190D ya dizilo, yaulesi pothamanga koma yosafa msanga, ambiri anaisandutsa takisi.

Tsopano nkhani yomwe imandikoma ndi ya 190E 2.3-16, yomwe mutu wa injini yake anathandiza kupanga ndi a Cosworth, kampani yopanga injini za mpikisano ya ku England. Mu 1983 anaitengera ku bwalo loyesera galimoto la Nardò ku Italy n'kuithamangitsa makilomita 50,000 usana ndi usiku kwa masiku opitirira 8, liwiro lake pafupifupi makilomita 248 pa ola. Kenako mu May 1984 potsegulira bwalo latsopano la mipikisano ya galimoto la Nürburgring ku Germany, anasonkhanitsa madalaivala otchuka a Formula 1, mpikisano waukulu wa galimoto zaliwiro, n'kuwapatsa galimoto zofanana ndendende. Akuluakulu ambiri anaitenga ngati sewero chabe, koma kamnyamata kena ka ku Brazil komwe kanali kangoyamba kumene Formula 1 chaka chomwecho kanalowa ndi mtima wonse n'kuwina, Niki Lauda n'kukhala wachiwiri. Dzina lake Ayrton Senna. Mu 1990 kunabwera mtundu wina wa 190E wotchedwa Evolution II, ya chiphiko chachikulu kumbuyo, anapanga 502 zokha, ineyo chiphikocho ndimaona ngati anaonjeza koma okonda mipikisano angandiphe.

Anasiya kupanga W201 mu 1993 atagulitsa pafupifupi 1.9 miliyoni, malo ake inatenga ndi C-Class yomwe ilipo mpaka lero.

Ndisakunamizeni kuti ilibe polakwika. Zotsika mtengo zinkabwera zopanda kanthu, mawindo opukusa ndi dzanja, ndipo dzimbiri limaikonda pamalo poika jeke. Koma chachikulu ndi mpando wakumbuyo, eee, ine ndinakhala kumeneko ulendo wonse maondo atagunda mpando wa dalaivala, potsika mwendo utachita dzanzi, mkulu uja akungondifunsa kuti "mwaimva bwanji?"