Mapilitsi a ayironi anandiwonongera ulendo woyamba wokaunikidwa m'matumbo

Adokotala atapeza kuti magazi anga ndi ochepa ndiponso kuti m'chimbudzi changa mukuoneka magazi, ananditumiza kukaunikidwa thumbo lalikulu ndi kachubu kokhala ndi kamera, komwe amakalowetsa kudzera kotulukira chimbudzi. Kuunikaku amakutcha colonoscopy, ndipo kamerayo imayenda m'thumbo lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, kufunafuna zilonda, khansa, kapena timinofu tomera m'kati tomwe tingadzasanduke khansa.

Ulendo woyamba unapita pachabe, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Ndinalipira ndalama, ndinagona ndi njala, ndinanyamuka ku Zolozolo ku Mzuzu m'bandakucha wa mwezi wa July chifunga chili tolo, koma nditavala kale chovala cha odwala, anamwino anandifunsa kuti, "Bambo, kodi mapilitsi owonjezera magazi aja munasiya liti?" Ankanena mapilitsi a ayironi amene ndinkamwa, ndipo ndinali nditamwa dzulo lake. Munthu amene anandilembera tsiku pa windo anangondipatsa kapepala ka Chingerezi osanenapo kanthu, chonsecho ayironi amadetsa chimbudzi n'kuchimatiza m'thumbo kotero kuti kamera siona bwino. Amayenera kusiyidwa pafupifupi masiku 7 tsikulo lisanafike. Musachoke pa windo musanatchule mankhwala onse amene mumamwa, makamaka a ayironi, a shuga, ndi oletsa magazi kuundana monga warfarin.

Ulendo wachiwiri ndinasamala. Kwa masiku atatu ndinasiya mgaiwa, nyemba, nkhwani wotendera, mtedza ndi zipatso za njere, n'kumadya nsima ya ufa woyera, mpunga wa Kilombero, mazira ndi nsomba. Tsiku lomaliza ndinangomwa madzi, tiyi wopanda mkaka ndi msuzi wosefa, osakhudza zakumwa zofiira chifukwa pa kamera zimaoneka ngati magazi.

Mankhwala otsegula m'mimba ndiwo ntchito yeniyeni. Ndi ufa wosungunula m'madzi ambiri, wokoma ngati mchere wosakaniza ndi sopo, ndipo umamweka bwinoko ukazizira. Amene chimbudzi chawo chili panja, monga ife, akonzeretu tochi ndi chovala chamutu, pakuti ndinayenda maulendo osawerengeka usiku wa kuzizira kwa Mzuzu. Tunganitu madzi okwanira. Thumbo layera pamene zotuluka zasanduka madzi achikasu oonekera mkati.

Ndaiwala kunena kuti pamafunika woperekeza, chifukwa jakisoni amene amabaya amasiya munthu ali ziii ndipo saloledwa kuyendetsa galimoto kwa maola 24. Mkazi wanga anakana zoti ndikwere njinga yamoto ya kabaza, ndipo anachita bwino.

Kuunikako kunangotenga mphindi pafupifupi 30, ndipo anadula kamnofu kamodzi n'kukatumiza ku labotale. Ayironi uja ndinayambanso kumwa pokhapokha adokotala atandiuza tsiku loyambira, ndipo ulendo uno ndinawapempha kuti andilembere m'buku langa la kuchipatala.