Zikomo amisiri amene munapulumutsa nyumba yathu

Ndikufuna kuthokoza pagulu amisiri a m'dera lathu lomwe lino amene anakonza maziko a nyumba yathu ndi konkire ya pakhonde imene inatitimira.

Ming'alu inayambira pa ngodya za mawindo n'kumakwera chopingasa, chitseko cha kuchipinda nacho chinayamba kuvuta potseka. Wina akanangomata simenti n'kulandira zake. Koma inu, abambo, munayamba mwazungulira nyumba yonse ndi levulo, n'kutisonyeza pamene madzi a padenga ankagwera m'munsi mwa khoma n'kumakokolola dothi la pansi. Munatifotokozeranso kuti dothi la dongo limafufuma likanyowa ndipo limanyala likauma, n'chifukwa chake maziko sankakhazikika.

Chinandigometsa ndi mmene munakumbira pansi pa mazikowo. Munkakumba kachigawo kamodzi, kudumpha kena, kuthira konkire, n'kudikira kuti ilimbe musanakhudze malo oyandikana nawo. Mukanakumba ponseponse nthawi imodzi, khoma likanatsala lopanda potsamira. Kuleza mtima kotere n'kosowa masiku ano, ndipo eni nyumbafe ndi amene nthawi zambiri timakakamiza amisiri kuti athamange.

Pakhonde simunaswe kalikonse. Munaboola timabowo, kupoperamo phala la simenti mpaka konkireyo inakwera n'kulingana ndi inzake, kenako munatseka mabowowo. Munakonzanso ngalande yotengera madzi kutali ndi khoma.

Zikomonso anyamata amene munkanyamula dothi ndi wilibala, komanso aneba athu amene munalola mchenga ndi miyala kuunjikidwa pabwalo panu osadandaula. Mulungu akudalitseni nonse.