Ayambe ndani, piyano kapena okestra? Zomwe ndikuphunzira pa ma concerto

Concerto ya piyano ndi nyimbo yoti munthu mmodzi akhala pa piyano, kumbuyo kwake kuli gulu lonse la okestra, mavayolini, machelo, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, ndiye mmodziyu ndi gululi azigawana nyimbo imodzi kwa mphindi 30 kapena kupitirira. Aphunzitsi anga a piyano anandipatsa ntchito yooneka ngati yachibwana, anati ukamamvera usathamangire kunena kuti ikukoma kapena ayi, uyambe waona kuti wayamba kuyankhula ndani ndipo winayo wamuyankha bwanji. Ife okulira m'makwaya zimenezi si zachilendo kwenikweni, timadziwa kuti pali woyambitsa nyimbo ndi ovomera, kungoti kunoku woyambitsa ndi ovomera amatha kulandana udindo, kukangana, mwinanso wina kumutontholetsa mnzake. Ndasankha ma concerto anayi, imodzi ya Mozart, ziwiri za Beethoven ndi imodzi ya Rachmaninoff, manotsi ake ndinadawunilodi ulele pa IMSLP, webusaiti yosunga manotsi a nyimbo.

Choyamba chomwe chinandithandiza ndi kudziwa kuti piyano yomwe Mozart ankaimba si chimphona chakuda chomwe timachiona pa YouTube chija. Piyano anayipanga ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence cha m'ma 1700, ndipo mpaka nthawi ya Mozart chimango chake chinali cha matabwa, nsambo zake zoonda, tinyundo tomenya nsambozo tokutidwa ndi chikopa. Mawu ake anali opepuka, noti ukaimenya imazimirira msanga. Makiyi anali 61 basi, ofanana nambala ndi kiyibodi ya kutchalitchi kwathu, ngakhale yake inkayambira pa F pomwe zathuzi zimayambira pa C. Makiyi 88 ndi chimango chachitsulo zinabwera pambuyo, Alpheus Babcock analembetsa chimango chachitsulo ku America mu 1825, ndipo kampani yopanga piyano ya Steinway inadzalembetsa kapingasidwe ka nsambo ka piyano zazikulu mu 1859. Ukadziwa zimenezi umamvetsa chifukwa chake kwa Mozart okestra imakonda kupatuka piyano ikamayankhula. Sikuti ndi ulemu wokha ayi, ikanati ikuwe piyanoyo sikanamveka.

Concerto ya Mozart ya nambala 20, ya mu D minor, anaimaliza pa 10 February 1785 n'kuiimba mawa lake ku Vienna. Bambo ake a Leopold analipo tsiku limenelo ndipo analembera mwana wawo wamkazi kuti pomwe amafika wokopera manotsi anali asanamalize, moti Mozart sanapeze ndi mpata womwe woyeserera gawo lomaliza mwa magawo atatu a concertoyo. Inali bizinesi abale, munthuyu atasamukira ku Vienna mu 1781 ankakonza yekha makonsati, anthu olemera n'kumalembetsa mayina ndi kulipira, ndiye pankafunika nyimbo yatsopano yoti iye mwini aonetsere luso.

Koma nyimboyo siimveka ngati ya munthu wosaka ndalama za lendi. Okestra imayamba motsitsa, mavayolini akuimba mozemba biti, ngati munthu wopuma mwabefu, pansi mabesi akungoguguda, kenako zonse zimaphulika ndi malipenga ndi ng'oma. Piyano imakhala chete mabaa, tizigawo tija timagawa manotsi papepala, opitirira 70, woimbayo manja ali pamiyendo kudikira. Ikamalowa siitenga nyimbo yomwe okestra imaimba ija, imabwera ndi yakeyake, yachisoni, yongoyenda ndi manotsi ochepa, ngati sinamve n'komwe phokoso lonse lija. Apa ndi pomwe ndinayamba kumva zomwe aphunzitsi amanena zija. Dongosolo la nthawi imeneyo linali lomwelo, gulu liyambe lifotokoze nkhani yonse, mmodziyo alowe pambuyo, koma Mozart akumulowetsa ndi nkhani ina. Beethoven ankaikonda kwambiri concerto imeneyi, anaiimbapo ndipo anailembera cadenza, kagawo kaja ka chakumapeto komwe okestra imaima n'kumusiya wa piyano aonetse zake yekha. Ambiri mpaka pano amaimba cadenza ya Beethoven yomweyo.

Tsopano nambala 4 ya Beethoven, ya mu G major, iyi ndiye yandigwira mtima kuposa zonse ndipo ndichedwapo pang'ono.

Piyano ndi imene imayamba, yokhayokha, motsitsa. Imatsegula ndi kodi ya G, manotsi angapo omenyedwa limodzi, yodzadza manja onse awiri, kubwerezabwereza manotsi pang'onopang'ono, mabaa asanu basi n'kusiya. Mozart anali atayesapo kulowetsa piyano koyambirira mu concerto yake ya nambala 9 ya 1777, koma kumeneko okestra ndi imene imatsegula pakamwa. Apa palibe amene wamukonzera njira wa piyanoyo. Ndiye mavayolini akamayankha, amabwereza nyimbo yomweyo koma mu B major, kiyi yoti khutu silimayembekeza n'komwe. Anzanga a sol-fa, taganizani kuti woyambitsa waimba mu doh, ovomera n'kulandira mu kodi ya me koma ili major, muli se mkati, motsitsa kwambiri, kenako n'kuzemberazembera mpaka kubwerera kwawo pa doh. Ndinayesa pa kiyibodi, G kenako B major, ndipo ngakhale pa kachida kopanda ulemu kangaka thupi limachita tsembwe. Chomwe chimalumikiza makodi awiriwa ndi noti imodzi, B, yomwe ili pamwamba pa kodi yoyamba ija, mavayolini amangoitola n'kuimangira nyumba ina.

Gawo lachiwiri ndi lalifupi, mphindi zisanu kapena kuchepera, ndipo zoimbira zouzira ndi ng'oma zonse zimakhala chete, kumatsala za nsambo zokha ndi piyano. Za nsambozo zimalowa mwaukali, zonse pa noti imodzi popanda makodi, modukizadukiza ngati zikukalipa. Piyano ikuyankha mofatsa, makodi ofewa ngati nyimbo ya pamaliro. Zikalipanso, iyo osakweza mawu. Zimapita choncho, koma ukamatsatira pa pepala umaona kuti ziganizo za okestra zikufupikira, mawu akutsika, za piyano zikutalika, mpaka gulu lonse lija latsala ndi kung'ung'udza chapansipansi. Anthu ena amati ndi nthano ya Orpheus ya Agiriki, woimba amene anafewetsa mitima ya mizimu ya kumanda, koma ine sindikuona kufunika kwa nthano apa, nkhaniyo ikumveka yokha. Beethoven analemba kuti wa piyano aponde pedulo yofewetsa mawu, ndipo pa piyano za nthawi yake peduloyo inkasuntha tinyundo kuti timenye nsambo imodzi yokha mwa zitatu. Pa piyano za masiku ano timamenyabe ziwiri, ndiye kuonda kwa mawu komwe iye ankafuna sitikumva kwenikweni pokhapokha upeze rekodi ya piyano yakale. Zilipo pa intaneti, bandulo ikalola mumvereko, kusiyana kwake n'kwakukulu.

Concerto imeneyi anthu wamba anaimva koyamba pa 22 December 1808 ku Theater an der Wien, holo ya ku Vienna, ndipo pulogalamu ya tsikulo ndi yoseketsa ukaiona lero. Usiku umodzi womwewo munali nyimbo zake zazikulu za okestra yokha, Symphony nambala 5 ndi Symphony nambala 6, concerto iyi, zidutswa za Misa, ndi Choral Fantasy ya piyano, okestra ndi kwaya, maola anayi m'holo yozizira koopsa, oimba asanayeserere mokwanira, moti Choral Fantasy inasokonekera pakati mpaka kuyambiranso. Kanali komaliza Beethoven kuimba concerto pagulu. Makutu anali atayamba kale kufa, kalata yake yodandaula za ugonthi ija anailemba ku Heiligenstadt mu 1802.

Nambala 5, ya mu E flat, yomwe anthu amaitcha Emperor ngakhale dzinalo silinachokere kwa Beethoven, inalembedwa mu 1809, chaka chomwe asilikali a Napoleon anaphulitsa Vienna ndi mizinga mu May. Beethoven anakabisala m'chipinda chapansi kunyumba kwa mng'ono wake, atatseka makutu ndi mapilo kuteteza kakumva komwe kanatsala. Archduke Rudolph, wa m'banja lachifumu la Austria, wophunzira wake amenenso ankamuthandiza ndi ndalama, anathawa mumzindamo, ndipo concerto iyi anailembera iyeyo. Apa funso la ayambe ndani likuyankhidwa mwamtundu wina. Okestra imenya kodi imodzi yaikulu, piyano n'kuthamanga kuchokera pansi mpaka pamwamba, okestra kodi yachiwiri, piyano kuthamanganso, yachitatu chimodzimodzi. Makodi ake ndi omwe aja timayambira tonse kuphunzira, doh, fah, soh, palibe chozizwitsa, koma aliyense mwa awiriwa waonetseratu mphamvu nyimbo isanayambe n'komwe.

Chomwe chinandichititsa chidwi kwambiri ndi nkhani ya cadenza. Kale wa piyano ankapeka yekha pomwepo, ndipo nthawi zambiri wa piyanoyo anali mwini nyimbo. Koma iyi Beethoven sanaiimbe, amene anaiimba pagulu ku Leipzig mu November 1811 anali Friedrich Schneider, ndipo ku Vienna mu 1812 anali Carl Czerny, yemwe uja wa mabuku oyeserera zala amene amatizunza nawo aphunzitsiwa. Ndiye pamalo pa cadenza Beethoven analemba m'Chitaliyana kuti pasakhale cadenza, woimba apitirize ndi zomwe zalembedwa. Ine ndikuona ngati munthu amene wadziwa kuti sakhalanso pa mpandowo ndipo sakufuna wina adzaikepo zake, ngakhale ena anganene kuti nyimboyo inayamba kale ndi zothamangathamanga zija ndiye cadenza ina inali yosafunika. Kaya, mwina zonse ndi zoona. Chodziwika n'chakuti kuchokera apo olemba ambiri anayamba kulemberatu okha noti iliyonse.

Pali kamalo kena komwe ndimabwezera kawirikawiri, polumikiza gawo lachiwiri ndi lachitatu. Gawo lachiwiri lili mu B major, lodekha, ndiye likamatha pamatsala noti imodzi ya B, n'kutsika theka la sitepe kufika pa B flat, malipenga n'kuigwira. Pamwamba pake piyano imayesa nyimbo ya gawo lachitatu pang'onopang'ono, ngati ikufufuza, kenako mwadzidzidzi n'kuiphulitsa pa liwiro lake lenileni. Noti imodzi kusuntha theka la sitepe, kiyi yonse yasintha. Ife tikafuna kusintha kiyi pakati pa kolasi timangodina batani la transpose, apa munthu akukuyendetsa kuti umve pomwe wadutsa.

Rachmaninoff wa ku Russia ndi dziko lina, papita zaka pafupifupi 100 ndipo piyano tsopano ndi yachitsulo ija. Symphony yake yoyamba inagwa chagada ku St Petersburg mu 1897, Alexander Glazunov ndi amene ankatsogolera okestra, ndipo César Cui polemba za nyimboyo anaifanizira ndi miliri ya ku Iguputo. Mnyamatayo, ali ndi zaka 23, anasweka mtima moti kwa zaka zitatu sanalembe chilichonse chachikulu, mpaka mu 1900 pomwe anayamba kuonana ndi dokotala Nikolai Dahl. Concerto nambala 2, ya mu C minor, anailembera dokotalayo, ndipo anaiimba yonse ku Moscow mu November 1901, msuweni wake Alexander Siloti akutsogolera.

Piyano imayamba yokha ngati mu nambala 4 ya Beethoven, makodi asanu ndi atatu olira ngati mabelu a tchalitchi cha ku Russia, iliyonse ikutsatidwa ndi F wapansi kwambiri, kuyambira motsitsa mpaka mokweza. Koma ikangomaliza kutsegula chitseko imabwerera kumbuyo. Nyimbo yeniyeni ija aliyense amaing'ung'udza ili ndi mavayolini, maviyola ndi makilarineti, wa piyano ali kalikiliki ndi manotsi ambirimbiri oti ambiri mwa iwo sumawamva n'komwe, akungoperekeza. Gawo lachiwiri chimodzimodzi, chitoliro chiyamba, kilarineti ilandira, piyano ikuyala mphasa pansi. Piyano yamphamvu kuposa zonse zinayizi ndi imene ikuvomera kuperekeza ena nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa choti ilibenso mantha omira, okestra ikweze bwanji iyo imvekabe ikafuna.

Kunena chilungamo iyi ndi imene imakoma msanga, ukangoimva kamodzi yakukola, n'chifukwa chake amaikonda m'mafilimu. Koma ndikaimvera kawiri motsatizana ndimakhuta, pomwe nambala 4 ya Beethoven sindinaikhutepo. Aphunzitsi anga sakugwirizana nane, akuti vuto si Rachmaninoff koma oimba a masiku ano amene amaikoka mpaka kuithira shuga wambiri, ndipo ananditumizira rekodi ya 1929 ya mwiniwake akuimba ndi Philadelphia Orchestra, Leopold Stokowski akutsogolera. Zoona, mwiniwake amayenda mofulumira kuposa ambiri, salira nayo, ndipo makodi oyamba aja, ngakhale anali ndi zikhatho zazikulu zotchuka zija, amawagawa, noti yapansi kaye kenako zinazo. Ine amene zala zanga zimafika pa okitevu, kuchokera pa doh mpaka doh wotsatira, movutikira ndinasangalala nazo zimenezo kuposa china chilichonse pa rekodiyo. Mkanganowo sunathe, iwo akuti ndimverenso gawo lachitatu ndisanaweruze, ine ndikuti Beethoven akanali patsogolo.