Sindinafe, ndimapanga yoga

Tiyambe takonza bodza lomwe likuyendali. Sindinakomoke. Sindinamwe mankhwala a makoswe chifukwa cha mkazi, ndipo amene akuti ndinadzuka anthu atayamba kale kusonkha ya bokosi akuwonjezera, zinali zisanafike pamenepo, anali atangotchula chabe. Chitseko chokha nde anathyoladi, chimenecho sindikana poti wolipira ndine.

Wolakwa woyamba ndi telala. Ndinamupititsira suti yanga ija kuti aikuze pang'ono poti pa ukwati wa mphwanga besitimani ndine, iye kundiyeza mimba ndi tepi, kuyezanso kachiwiri ngati tepiyo yamunamiza, kenako pamaso pa anthu akuti "achimwene, kumsokoku kulibenso nsalu yoti ndingatulutse, mwina tichepetse inuyo." Ukwati unali utatsala masabata 6. Jimu sindikanaikwanitsa, ukaphatikiza ya pamwezi ndi ya minibasi kuchoka ku Area 25 kuno ndi bwino kungogula suti ina, nde ndinati YouTube ilipo, bandulo ya usiku ilipo, zigubu ziwiri za mafuta ophikira za malita 5 zilipo, ukathiramo madzi ndi makilo 5 mbali iliyonse, mphasa ilipo. Chatsala n'chani.

Aphunzitsi ndinawayesa ambiri ndithu, moti panopa amene akufuna malangizo abwere, ndapita nawo kutali kuposa nonsenu.

Ndinayamba ndi akuluakulu. Mnzanga wa kuntchito anandibwereka ma DVD a Insanity ya Shaun T, ija inatuluka 2009, ya masiku 60. Tsiku loyamba sakupatsa masewera enieni, amangofuna aone pomwe uli, amati Fit Test. Ine ndinathera pamayesopo. Munthuyo amadziwa kuphunzitsa sindinganame, amalankhula ngati akukuona kuti wayamba kuba, koma njira yake ndi yozondoka, amakuthamangitsa mphindi ngati 3 osaima kenako n'kukupatsa masekondi 30 oti umwe madzi, ndipo anthu ali kumbuyo kwakewo, anthu a minofu ngati mizu ya mlambe, nawonso amagwa pansi kumapuma ngati agalu a m'chilimwe. Ndinati ngati awa akugwa, ine wa mitanda 4 ya nsima ndikusaka chani kuno. Ya Tony Horton, P90X, ndinangoiona kuti ndi ya masiku 90 komanso imafuna chitsulo chodzikokera m'mwamba, ndinayang'ana mtengo wa kudenga kwa a landilodi, ndinaona njira ya chiswe, basi zinathera pompo.

Chloe Ting ndinamuderera. Kamtsikana kaulemu, kavidiyo ka mphindi 10 zokha, eti ma abs, minofu ya pamimba ija, m'masabata awiri. Amwene. Pofika mphindi yachinayi mimba imakhala ngati wina wakolezamo mbaula. Ndinachita masiku 9 ndipo ndikukhulupirira kuti six pack ilipo, kungoti ili pansi pa katundu ngati ndalama yobisa kunsi kwa matiresi, poti kufinya mimba sikusungunula mafuta a pamimbapo, mafuta amachoka thupi lonse mwa kufuna kwake, ndipo anga anaganiza zoyambira kuzala. Joe Wicks ndinamusankha dala nditamva kuti mu 2020 nthawi ya Covid ankaphunzitsa ana a sukulu ku Britain m'mawa, ndinati za ana izi ndizitha. Kaya ana a ku Britain amadya chani.

Yemwe ndinagwirizana naye ndi mayi Leslie Sansone, aja oyenda m'nyumba, mailo imodzi pa mphindi 15, ukungoponda malo amodzimodzi uku akukusekerera. Mawondo sadandaula, a neba sadandaula. Chinandipweteka ndi chimodzi, kuti ine munthu amene ndakula ndikuyenda wapansi kupita kuchigayo, lero ndikuwononga bandulo kuti mzungu andiphunzitse kuyenda, komanso osafika kulikonse.

Nde Lachisanu usiku, masabata atatu atadutsa batani la buluku likukanabe, ndinapeza za Tabata. Mphindi 4 zokha. Masekondi 20 kudzipha, masekondi 10 kupuma, maulendo 8, watha. Ndinawerenga kuti inatchuka ndi kafukufuku wa Izumi Tabata wa ku Japan mu 1996, ndipo chiganizo chotsatira, chonena kuti ankayesera anyamata ozolowera kale masewera pa njinga zopalasa malo amodzi, ndinachiona koma sindinachilole kundisokoneza. Vidiyo ndinasankhayo inali ya mkulu wina amene sindimutchula, wa ndevu, onse maulendo 8 ma burpee okhaokha. Kwa amene simuidziwa burpee, umanyonyomala, kuponya miyendo kumbuyo, chifuwa pansi, kubweza miyendo, kudumpha m'mwamba manja ngati wagoletsa chigoli, kenako kubwerezanso ngati walodzedwa. Mwini wake Royal Burpee, wa ku America, anaiyambitsa cha m'ma 1930 ngati kamayeso kongochita kanayi basi, kopanda ngakhale kudumpha. Kanayi. Anthu anangoitenga n'kuiwonjezera nkhanza.

Loweruka 5 koloko m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, kutenthetsa thupi ndinalumpha poti ndimasunga bandulo, chitseko ndakhoma, mahedifoni m'makutu, kabudula wa mpira, malaya ayi. Ndipo ndinene pano kuti mayi landilodi anali atayamba kale kundikayikira sabata yonseyo chifukwa cha kubuula, tsiku lina anandifunsa pampopi kuti "achimwene, kodi m'nyumbamo mumakhala ndi mlendo m'mawa?" ine n'kuyankha kuti ayi amayi ndimakhala ndekha, yankho lomwe ndaona tsopano kuti silinathandize.

Ulendo woyamba ndinachita 7. Wachiwiri 6. Wachisanu ndinaona malemu agogo anga ataima pakona pafupi ndi firiji akundikodola. Wachisanu ndi chitatu sindikudziwa ndinachita zingati koma ndikukumbuka kuti podumpha komaliza ndinatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu, a ng'ombe ikamalowa m'dibi, ndinatera pachigubu, chigubu n'kugwa, chitsekerero n'kuthawa, ine chagada phii pamphasa, madzi malita 5 ulendo kudutsa kunsi kwa chitseko kupita panja pomwe mayi landilodi amasesa.

Apa mumvetsere bwino poti ndi pomwe anthu akupotoza. YouTube ikamaliza vidiyo imakuikira ina yokha, nde inandiikira ya yoga, chakumapeto kwake komwe ndinasiyira tsiku lina. Mawu ofatsa a mayi wina m'makutu, akuti gona chagada, tambasula miyendo, manja m'mbali zikhatho kuyang'ana kumwamba, tseka maso, usagwedeze kalikonse. Koyamba chiyambire mphunzitsi kundiuza chinthu chomwe ndinali nditachita kale. Kagonedwe kameneka kali ndi dzina lake, amati savasana, ndipo m'chiyankhulo cha Sanskrit cha ku India tanthauzo lake ndi kagonedwe ka mtembo. Sindikupeka, kafufuzeni. Kutanthauza kuti ndinaichita bwino kwambiri moti anthu anakhulupirira, chomwe aphunzitsi a yoga angachitche luso. Ena akuti ndinagona tulo. Ine ndikuti ndinalowa mozama. Kuti zinatenga mphindi 40 ndi nkhani ina.

Zakunja ndinachita kuuzidwa. Eti anagogoda, anaitana, mdzukulu wa a landilodi anakwera pandowa kusuzumira pawindo pomwe katani sifika, n'kutsika akukuwa kuti "ankolo afa! ankolo afa maso ali otseka!" Chomwe ndinamva ine ndi chitseko kugwa, hedifoni imodzi n'kuthothoka, foni inali itazima kalekale bandulo itatha, kenako mfuu wa mayi landilodi, mayo ine mayo mwana wa eni.

Munthu wanzeru akanadzuka pompo. Ndikudziwa. Koma taganizani, uli chigonere pamphasa yonyowa, kabudula wakwera mbali imodzi, mimba pamtunda, m'nyumba mwako mwadzaza anthu a pa plot ponse ndi ena ongodutsa, mayi wamkulu akukulira ndi misozi yeniyeni, nde udzuke unene kuti chani, mwadzuka bwanji? Ndinati ndidikire kaye kaphokosoka kachepe ndipeze polowera. Komanso miyendo ndinaiyesa mwakachetechete, sinayankhe. Nde sekondi iliyonse yomwe ndimadikira imapangitsa kudzukako kukhala kovuta kuposa sekondi yapitayo, mpaka ndinafika poganiza kuti mwina njira yaulemu ndi kungopitiriza, andinyamule, ndikatsitsimukire kuchipatala ngati anthu ena onse.

Wina anafunsa kuti kodi akupuma? Wina n'kuyankha kuti musamugwire, nkhani ya apolisi iyi, mukasiyapo zala zanu muzikayankha nokha. Onse anabwerera m'mbuyo. Ine kupuma ndimapuma, koma ka yoga, kapansipansi, komanso ndinali nditayamba kuumirira dala. Kenako anandifunditsa chitenje kuyambira kumutu, chonunkha utsi ndi usipa, ndipo pansi pa chitenje chimenecho ndinamva mbiri yanga yonse.

A neba a kumanzere, amene ndimawabwereka ayironi sabata iliyonse, akuti anali munthu wabwino koma woumira. Mtsikana wa nyumba yakumapeto akuti n'chifukwa chake amabuula m'mawa, anali akudwala osanena, amuna amabisa matenda. Wina akuti ayi ndi za kukhwima izi, taonani zigubu, taonani mphasa, munthu ali ndi bedi agonerenji pansi. A landilodi aamuna analowa mochedwa, anakhosomola, n'kunena ndi mawu achisoni ndithu kuti "zovuta kwambiri, komatu anali ndi miyezi iwiri ya lendi," kenako chete, kenako ndinamva firiji yanga ikutsegulidwa ndi kutsekedwa, ngati munthu akuona ngati imagwira bwino. Mwezi umodzi ndi theka, bambo. Koma ndinapirira. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro, anaiyamba pamwamba kwambiri, anthu analephera kuilandira, anaisiya, anayambanso. Ndinapirira. Ntchentche inalowa m'chitenje n'kutera pamphuno, kuyenda, kuima, kupukuta manja ake, kuyendanso kulowera kumphuno kwenikweni, ine ndikuiuza mumtima kuti iwe tagwirizana nane lero lokha. Ndinapirira.

Kenako gogo wina, sindikudziwa ngakhale anachokera nyumba iti, anayandikira, ndinamva ndodo yake ikugogoda simenti, anaima pambali panga nthawi yaitali n'kunena modekha kuti "amwalira kalekale awa, mwina dzulo. Taonani mimba yatupa kale."

Masabata atatu. Chloe Ting masiku 9. Nsima ndinatsitsa kufika mitanda iwiri, Fanta ndinasiya, mandasi ndimangowapatsa moni.

Ndinangomva pakamwa panga payankha pokha pansi pa chitenje, "yachepatu imeneyi agogo."

Sindinaonepo anthu akutuluka pakhomo limodzi mwa njira imeneyo. Gogo uja ndodo anaisiya ndipo anali wachiwiri kutuluka. Woyimba nyimbo anadutsa pawindo. A landilodi aamuna anagwera pachigubu chinatsala chija, mayi landilodi anathawa kenako anabwerera kudzandimenya ndi tsache uku akutchula dzina la Yesu, ine ndikuyesa kudzuka miyendo ikukana nde ndimangokwawa chitenje chili kumutu ndikukuwa kuti ndi Tabata amayi, ndi Tabata, iwo n'kumva ngati ndikutchula amene wandilodza. Mpaka lero pa plot pali anthu amene akufunsana kuti Tabata ndi wa nyumba iti.

Ululu weniweni unabwera Lolemba, paja umachedwa, umafika pachimake pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo amene anapanga mavidiyo amenewa sanaganizire anthu a chimbudzi chonyonyomala. Kutsika ndinatsika. Zokwera ndisanene.

Ana a pa plot pano ayambitsa masewera, mmodzi amagona pansi ena amamufunditsa thumba kenako amadzuka n'kukuwa kuti yachepatu imeneyi, onse n'kubalalika. Suti ndabwereka ya alamu anga, ndi yaikulu mapewa koma batani likutseka. M'mawa ndabwerera kwa mayi Sansone, tikuyenda mailo yathu mwaulemu, ndipo aliyense wodutsa amaima kuonerera poti pakhomo pali katani basi, kalipentala anati abwera Lachinayi koma sananene Lachinayi lake liti.