Mmene ndinagulira mpendadzuwa wa Van Gogh wokapachika kwa amayi

Amayi anga amalima mpendadzuwa ku Kasungu, ndipo pakhoma la pabalaza pawo panali kalendala imodzi yokha, yatha ntchito kalekale, yongosungira chithunzi cha thalakitala. Nditakhalako ku London zaka zingapo, ndinaganiza zowatengera chithunzi chosindikiza cha maluwa a mpendadzuwa amene Vincent van Gogh anajambula. Ndinkayesa ndi nkhani yongodina pafoni basi.

Nditalemba dzinalo pa intaneti, mutu unaima. Zithunzi zina zinali ndi maluwa 12 ndipo kumbuyo kwake kunali kobiriwira ngati madzi a kunyanja, zina maluwa 15 kumbuyo kwachikasu. Ndinaganiza kuti ogulitsa akusokoneza inki. Ayi ndithu. Mkuluyu anajambula mpendadzuwa wa mumphika kangapo. Wa maluwa 12 uli ku Munich ndi ku Philadelphia, wa 15 uli ku London, ku Amsterdam ndi ku Tokyo. Ndipo popeza anamwalira kalekale, mu 1890, aliyense amene ali ndi makina atha kusindikiza n'kumagulitsa, n'chifukwa chake chikasu cha ena chimaoneka ngati lalanje, cha ena ngati mandimu. Ndinati ndisataye ndalama ndisanaone chenichenicho ndi maso anga.

Cha ku London chili ku National Gallery, nyumba yosungira ndi kuonetsera zithunzi zojambula pamanja, pa Trafalgar Square. Ndinapita Lachisanu madzulo nditaweruka, chifukwa tsiku limenelo amatseka 9 koloko usiku pomwe masiku ena amatseka 6 koloko. Mukatsika sitima yapansi pa Charing Cross, ndi kamtunda kochepa wapansi. Kulowa n'kwaulere. Zolipira ndi zionetsero zapadera zokha, zimene amabwereka zithunzi kuchokera kumayiko ena. Pakhomo amasecha zikwama, ndipo botolo langa la madzi ndinamwera pomwepo chifukwa zamadzimadzi sankalola. Sindinawadandaule: mu Okutobala 2022 anthu awiri ochita zionetsero anathira supu wa matimati pachithunzi chomwechi, mwayi kuti chili ndi galasi.

Nyumbayi ili ndi zithunzi zoposa 2,300, tsono musadzinamize kuti muona zonse. Ine ndinafunsa mlonda wa m'chipinda choyamba, anandilozera njira, ndipo ndinangoima kamodzi panjira, pa chithunzi cha sitima yankhondo cha wojambula wachingelezi Turner, chimene chilinso pandalama ya mapaundi 20. Chipinda cha mpendadzuwa simungachiphonye. Pamene pali chigulu cha anthu atakweza mafoni m'mwamba, ndi pomwepo.

Dikirani, amachoka msanga. Ambiri amangotola chithunzi n'kumapita. Nditafika kutsogolo ndinadabwa kuti si chachikulu kwenikweni, masentimita 92 m'litali ndi 73 m'lifupi. Chimene chinandigwira ndi penti. Ndi wokhuthala, pena ngati wapakidwa ndi chipande, moti mitu ya maluwa okhwima imaoneka yotukuka, yokakala, ngati mungaipukuse njere n'kugwa. Mukaima chapambali mumaona timizere ta burashi tikugwira kuwala. Maluwa ena angotsegula kumene, ena aweramira pansi masamba atayoyoka. Pamphika analembapo dzina loyamba lokha, Vincent, ndi penti wabuluu. Anachijambula mu Ogasiti 1888 ku Arles, kummwera kwa France, pofuna kukongoletsa chipinda cha mnzake Paul Gauguin amene ankamuyembekezera, ndipo nyumbayi inachigula mu 1924. Ndinakhalapo mphindi makumi awiri kapena kuposerapo. Ndinazindikira kuti kukhuthala kwa pentiko palibe makina amene angakusindikize, choncho chimene ndiyenera kulimbira pogula ndi mtundu wokha: chikasu chakupsa, chodera pang'ono, osati chowala ngati cha pafoni.

Kusitolo yawo yam'katimo kuli mapositala otchipa, komanso pali njira yoitanitsa kuti akusindikizireni. Mumasankha chithunzi, kukula kwake, pepala kapena nsalu ya kanivasi, ndiponso ngati mukufuna felemu. Zoitanitsazi ndi zodulirapo. Mukamafufuza kwina kulikonse, mawu oti muyang'ane ndi giclée, kutanthauza kuti apopera inki yosafwifwa msanga papepala lolimba. Kanivasi ndinaikana. Kwa ine imanamizira kukhala chojambula chenicheni pomwe ndi yosalala ngati tebulo. Felemu ndinaikananso poganizira galasi m'sutikesi. Tsiku limenelo ndinangogula kapositikhadi, n'kutumiza uthenga kwa mng'ono wanga kuti ayeze khoma ndi tepi. Atandiyankha, ndinaitanitsa pa intaneti ndili kunyumba, ndipo chinabwera papositi chitakulungidwa m'paipi ya katoni. Paipiyo musataye, ndi imene imayenda ulendo wonse. Yanga inalowa m'sutikesi mopingasa, pakati pa zitenje ndi majuzi.

Pamene ndinapusa ndi pa felemu. Nditafika ku Lilongwe ndinagula yopangiratu ya saizi ya A2, poganiza kuti chithunzi ndi chithunzi. Mapepala a A ndi aatali moonda, pomwe mpendadzuwawu ndi wojintcha. Kuti chilowe, ndinayenera kudula maluwa a m'mbali. Felemuyo pano muli satifiketi ya mng'ono wanga. Tinapita kwa kalipentala wa paboma ndi miyezo, anatikhomera felemu yamatabwa, wodula magalasi n'kutidulira galasi. Ndinaumirira chinthu chimodzi: pakati pa chithunzi ndi galasi pakhale katoni yoyera yobooledwa pakati, kuti pepala lisakhudze galasi. Nthawi ya dzinja chinyezi chimamatitsa ziwirizi, ndipo mukafuna kumatula inki imatsalira pagalasi. Tisanachiike, tinachiyala pamphasa yoyera masiku awiri, m'manja mosamba, mabuku anyimbo ndi Baibulo zitapsinja m'makona kuti chiwongoke.

Amayi ankafuna chikhale moyang'anana ndi zenera kuti odutsa azichiona. Tinakambirana kwa nthawi ndithu, mpaka anavomera khoma lina limene dzuwa silifikapo, chifukwa ngakhale inki yabwino imafwifwa ikamawombedwa tsiku ndi tsiku. Titapachika anaima patsogolo pake manja ali kumbuyo, n'kuwerenga mitu ndi chala osakhudza galasi.

"Mwanawe, mzunguyu anali mlimi?"

"Ayi amayi, ankangojambula."

"Ndaonera. Iyi inayi yakhwima kale, bwenzi atayanika. Angathyole bwanji mbewu n'kuika mumphika wa madzi?"

Kalendala ya thalakitala ija anaisamutsira kukhitchini, pamwamba pa ndowa.