Sabata ya 9: ndadya bowa wozula ndekha, ndipo ndikadali moyo kkkk

Amene mwakhala mukutsatira mukudziwa kuti masabata 8 onsewa ndimangothyola masamba basi, chisoso ndi bonongwe, bowa ndimangomuyang'ana, kujambula pa foni, kulemba mu kope nkumusiya pomwepo. Loweruka lapitali mvula itagwa masiku atatu otsatizana ndinalawirira ndi dengu langa (jumbo ndinasiya, bowa amachita thukuta mmenemo ukamafika kunyumba watepeta kale) ndipo pansi pa mitengo ija ndimaizondayi ndinapeza bowa wotchedwa ma chanterelle, achikasu, atangoti mbwee.

Sikuti ndinangowatola ayi. Bowa ameneyu kunsi kwake alibe timasamba topyapyala ngati bowa wina, ali ndi timizere tokhuthala tochita mphanda tomwe timatsika mpaka pa tsinde, ukapala ndi chala sitichoka mosavuta. Ukamung'amba amang'ambika mwa ulusi ulusi ngati nyama ya nkhuku yophika, mkati motuwa, komanso amatuluka m'dothi osati pa chitsa. Pali wina wofanana naye wa mtundu wa Omphalotus amene amamera mothithikana pa mtengo wowola, ameneyo amasanzitsa koopsa. Ndinadulako kachipewa kamodzi ka bowa ndinapezayo nkukavundikira ndi kapu pa pepala usiku wonse, mmawa fumbi la njere zake lomwe linagwera pa pepalapo linali lotuwa mopita ku chikasu monga zimayenera kukhalira. Kenako ndinapita nawo kwa mayi ena achikulire amene akhala akuzula bowa kuyambira ndisanabadwe, anatembenuza mmodzimmodzi, kununkhiza, awiri nkutaya chifukwa cha mphutsi, otsalawo akuti kaphikeni mwanawe.

Loweruka lomwelo ndinakumananso ndi wina wokongola kwambiri, woyera kunsi, wa kamphete pa tsinde, nditakumba ndi mpeni pansi pake panali kathumba ngati chikamba cha dzira. Ameneyo ndi wa banja la Amanita. Inde alipo ena m'banjamo odyedwa koma ine sindinafike pamenepo ndipo sindikufulumirako, chifukwa momwemonso muli Amanita phalloides amene wapha anthu ambiri kuposa bowa wina aliyense. Poizoni wake sathawa moto, kaya uwiritse kaya ukazinge kaya uyanike. Choipa kwambiri ukadya sumva kanthu mpaka maola 6 kapena kuposa, kenako kusanza ndi kutsegula mmimba, pambuyo pake umayamba kupezako bwino nkumaganiza zatha pomwe chiwindi chikuwonongeka. Nchifukwa chake bowa wosamudziwa osamangomudula pamwamba, kumakumba ndithu kuti uone kunsiko.

Ndipo zija zoti bowa akadyedwa ndi tizilombo ndiye kuti ndi wabwino, kapena zoti sipuni ya siliva imada akakhala wa poizoni, bodza lenileni. Nkhono zimadya wakuphayo osafa. Nawonso ma apu a pa foni ongojambula nkukuuza dzina, ine ndinayesa kujambula bowa mmodzi mbali ziwiri inandipatsa mayina awiri osiyana, ndinangoichotsa.

Kaphikidwe sindinachite zambiri. Ndinapukuta dothi ndi kaburashi, kuwang'amba ndi manja, kuwaika mu felempani youma kaye kuti madzi awo atuluke nkuphwera, kenako mafuta pang'ono, anyezi, mchere. Ulendo woyamba ndinalakwitsa, ndinadzaza felempani ndiye mmalo mokazingika anangowira, wachiwiri ndinachepetsa anapsa bwino mmbali mwake mwa bulauni. Fungo lake ngati la chipatso chakupsa, kukoma kwake koyabwako pang'ono ngati tsabola wakutali. Ndinadya masipuni awiri okha, ndinasunga bowa mmodzi wosaphika mu firiji kuti zikavuta adokotala akhale ndi choona, nkudikira tsiku lathunthu ndisanadye otsalawo. Usiku umenewo mmimba mukangolira pang'ono mtima phaa, chonsecho inali njala chabe.

Za masamba, bonongwe wa mmbali mwa msewu ndasiya chifukwa cha utsi wa magalimoto ndi mankhwala opopera, ndipo chisoso ndaona kuti nsonga zanthete zisanachite maluwa siziwawa kwambiri, zokhwima ndimataya madzi oyamba.

Ma chanterelle sadzalidwa mmunda chifukwa amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo, ndiye malowo ndawalemba mu kope ndipo ang'onoang'ono ndinawasiya. Ndibwererako Lachitatu mvula ikagwanso.