Asanatsitse giyabokosi yang'anani kaye kuseri kwa pedulo ya kilatchi

Hiace yanga ndi yakale ndithu, ya 1998, injini ya 3L ija ya dizilo, koma ndi imene imandidyetsa chifukwa m'mawa uliwonse ndimanyamula kabichi ndi tomato wa azimayi a ku Bvumbwe kupita naye ku Limbe. Ndiye Lachiwiri lapitali ndadzuka 4 koloko, kuliza galimoto bwinobwino, kuponda kilatchi kuti ndiike rivesi giya ikungokukuta khrrr osalowa. Kupopa pedulo katatu kanayi kenako n'kulowa. Ulendo wonsewo mtima unali m'mwamba, katundu wa eni ali tho kumbuyoku.

Makaniko woyamba amene ndinamupeza sanagwade n'komwe kusuzumira pansi, anangoti bwana puleti ya kilatchi yatha titsitse bokosi. Zinandiwawa zedi, kutsitsa giyabokosi ndi tsiku lathunthu galimoto ili pa jeke osapanga ndalama, kuphatikiza kugula puleti, pressure plate (chopanikiza puletiyo) ndi release bearing (beringi imene imakankha pressure plate ukaponda pedulo), ine ndalama imeneyo ndinalibe.

Ndinaimbira amalume anga amene anayendetsa minibasi zaka zambirimbiri, iwo anangoti "mphwanga usapupulume, zimitsa kaye injini uike magiya onse." Onse analowa ngati batala. Kuliza injini, ayambanso kukana. Akuti pamenepo bokosi lilibe mlandu, kilatchi ndi imene sikulekanitsa injini ndi bokosi.

Kenako anandiuza ndikoke handibuleki, ndiike giya 4, ndizisiya pedulo pang'onopang'ono. Injini inazima nthawi yomweyo thi. Puleti yotha sipanga choncho, injini imangolirabe, ndipo pa chitunda umaimva, ukuponda moto injini ikukuwa koma galimoto osathamanga, kafungo kopsereza kakulowa mpaka mkabini. Amene munakwerapo chitunda cha Thabwa kuchokera ku Chikwawa mutadzaza katundu mukudziwa zimene ndikunena. Yangayi kukoka inkakoka bhobho, vuto linali kulowa kwa giya basi.

Apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama. Kilatchi ya Hiace imayendera fuluidi, yemweyu wa mabuleki, DOT 3. Ukaponda pedulo master cylinder imakankha fuluidi kudzera mu paipi kupita ku slave cylinder ili pambali pa bokosi, iyo n'kukankha foloko, kachitsulo kamene kamasuntha release bearing kuti kilatchi ilekanitse injini ndi bokosi. Timarabala tamkatimu tikatha mphamvu imathawa. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero ndi tochi ya foni, kuseri kwa pedulo pamene kachitsulo kamalowa mu master panali ponyowa, penti itamatuka, kapeti pansi pake ili noninoni. Kabotolo ka fuluidi kaja ka m'mbali mwa dashibodi nako kanali katatsika, ndipo fuluidi wake wakuda bii. Ndinayesanso kuika giya 1 n'kungoponda pedulo osaisiya, patapita kanthawi galimoto inayamba kukwawa yokha phazi lili pansi. Basi, master yatha.

Slave ndinaionanso, kufunyulula karabala kake mkati munali mouma.

Ndinakagula master yatsopano ku Limbe, kit ya marabala inalipo yotchipa koma mkati mwa silinda yakaleyo munali mutakandika ndiye rabala watsopano sakanakhalitsa. Kumanga sikunavute, chimene chinatitengera nthawi ndi kuchotsa mpweya, mwana wanga ali pa mpando kupopa, ine ndili pansi ndi sipanala kumasula kanipo kotulutsira mpweya ka pa slave, kukuwa ponda, gwira, siya, mpaka thovu linatha fuluidi akutuluka woyera. Musaiwale kumawonjezera mu kabotolo mukamapanga zimenezi, kakauma mumayambiranso poyamba.

Pano rivesi ikulowa mwakachetechete. Pali kaphokoso kena kakang'ono ndikaponda pedulo, ngati kuwayula, ndikasiya kamatha, amalume akuti imeneyo ndi release bearing yayamba kutopa. Imeneyo ndiye yofunadi kutsitsa bokosi, ndayamba kusunga pang'onopang'ono kuti tsikulo ndidzasinthire limodzi ndi puleti komanso silo yotchinga oilo ya kumbuyo kwa injini.